Mbiri ya Chanson: Momwe Ana a M'misewu ndi Obwera Anasandukira Mawu a Dziko la France

Liwu lakuti chanson m'Chifalansa limangotanthauza nyimbo, koma pakati pa akatswiri ofufuza za chikhalidwe limatchula mtundu wapadera wa mayimbidwe umene unakhwimira mumzinda wa Paris kuyambira m'zaka za m'ma 1800, momwe mawu amalemekezedwa kuposa zoyimbira, ndipo woyimba amayesedwa ndi luso lake lolongosola moyo wonse wa munthu m'mphindi zitatu kapena zinayi. Womvera chanson sadikira kwenikweni kuti avine, koma amatchera khutu kuti amve za mmphawi amene wasowa pogona, za mkazi amene akuyembekezera mwamuna wake padoko, kapena za nkhalamba imene ikukumbukira unyamata wake, ndipo n'chifukwa chake oyimba a mtundu umenewu amatchulidwa pamodzi ndi alakatuli. Mbiri zawo zikayalidwa pamodzi, chimene chimaonekera poyera n'chakuti ochuluka mwa iwo sanaphunzire luso lawo m'sukulu za nyimbo, koma anali ana a m'misewu, ana a anthu othawa nkhondo ndi ana a obwera amene makolo awo anafika m'dzikomo akulankhula zinenero zina. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ya nyimbo za dziko la France ikuchitira umboni mwambiwu kwa zaka zoposa zana.

Chiyambi chake m'malo omwera

Chanson yamakono inakulira m'malo otchedwa café-concert, omwe anali nyumba zomwera khofi ndi vinyo momwe munkakhala kansanja ka oyimba, ndipo anthu wamba ankamvera nyimbo pa mtengo wa chakumwa chawo. Popeza eni malowa ankalemera ndi nyimbo za anthu ena osawapatsa kanthu, m'chaka cha 1847 wolemba nyimbo wina dzina lake Ernest Bourget anatengera mmodzi mwa iwo kukhoti ndipo mlandu unamukomera, zomwe zinachititsa kuti mu 1851 kukhazikitsidwe bungwe la SACEM lotolera ndalama za umwini wa nyimbo m'malo mwa olemba ndi opeka. Bungwe limeneli ndilo linatsegula njira imene mabungwe a m'mayiko ena, kuphatikizapo COSOMA ya ku Malawi, akuyendamo lero, ndipo linachititsa kuti kulemba nyimbo kukhale ntchito yodyetsa banja.

Mu 1881 Rodolphe Salis anatsegula Le Chat Noir m'dera la Montmartre, paphiri la kumpoto kwa Paris kumene kunkakhala anthu ojambula zithunzi, alakatuli ndi amphawi. Malo amenewa ankatchedwa cabaret, kutanthauza chipinda chaching'ono momwe woyimba amaima pafupi kwambiri ndi omvera mpaka kuyang'anana nawo m'maso. Kumeneko n'kumene kunatchukira Aristide Bruant, amene ankavala chipewa chakuda chachikulu ndi mpango wofiira m'khosi monga akuonekera pa zithunzi zimene Toulouse-Lautrec anamujambula, ndipo ankayimba m'chilankhulo cha m'misewu za akaidi, akazi oyendayenda ndi anthu osowa ntchito. Mayimbidwe ake ndiwo anabala mtundu wotchedwa chanson réaliste, kapena kuti nyimbo yonena moyo monga ulili, umene pambuyo pake unagwa m'manja mwa akazi a mawu olemera monga Fréhel ndi Damia.

Pambali pa zipinda zazing'onozi panakulanso maholo akuluakulu a zisangalalo monga Moulin Rouge, yomwe inatsegulidwa mu 1889, ndi Olympia ya mu 1893. M'maholo otere n'momwe munatchukira Maurice Chevalier, mwana wa m'dera losauka la Ménilmontant amene anaphunzira Chingerezi ali mkaidi wa nkhondo ku Germany, komanso Josephine Baker, mkazi wakuda wobadwira ku St. Louis m'dziko la America mu 1906, amene anafika ku Paris mu 1925, nakhala nzika ya France mu 1937. Baker anatumikira gulu lachinsinsi lolimbana ndi chipani cha Nazi lotchedwa Résistance, ndipo mu 2021 anakhala mkazi wakuda woyamba kulemekezedwa mu Panthéon, nyumba imene dziko la France limakumbukiramo ngwazi zake.

Mpheta ya ku Belleville

Palibe moyo umene ukusonyeza bwino chiyambi ndi mphamvu ya chanson kuposa wa Édith Giovanna Gassion, amene anabadwa pa 19 Disembala 1915 m'dera la anthu osauka la Belleville. Bambo ake, Louis Gassion, ankachita masewera opindapinda thupi m'misewu kuti apeze ndalama, pamene mayi ake, amene anabadwira ku Livorno m'dziko la Italy, ankayimba m'malo omwera ndipo anamusiya akadali wakhanda. Zaka zina za ubwana wake anakhala ndi agogo ake ku Bernay m'chigawo cha Normandy, kumene agogowo ankayang'anira nyumba ya akazi oyendayenda, kenako anayamba kuyenda ndi bambo ake m'matauni, akuyimba ndi kutolera makobidi m'chipewa. Ali ndi zaka 17 anabereka mwana wamkazi, Marcelle, amene anamwalira mu 1935 ndi matenda oumitsa khosi ali ndi zaka ziwiri zokha.

M'chaka chomwecho Louis Leplée, mwini malo azisangalalo otchedwa Le Gerny's, anamumva akuyimba pamsewu, namutenga, namuveka diresi lakuda limene linakhala chizindikiro chake moyo wake wonse, ndipo poona kuchepa kwa msinkhu wake, umene sunafike mita imodzi ndi theka, anamutcha La Môme Piaf. M'chilankhulo cha m'misewu ya Paris liwu lakuti piaf limatanthauza mpheta, kambalame kopanda ulemerero kamene kamatola nyenyeswa pakhomo pa aliyense. Leplée anaphedwa mu Epulo 1936, ndipo ngakhale apolisi anafunsa Piaf n'kumumasula, nyuzipepala zinamuipitsira mbiri mpaka ntchito yake inatsala pang'ono kuthera pomwepo. Amene anamudzutsa anali Raymond Asso, wolemba mawu amene anamuphunzitsa kusankha nyimbo ndi kuima pansanja, pamodzi ndi Marguerite Monnot, katswiri wa piyano amene anamupekera nyimbo zambiri kwa zaka zoposa makumi awiri.

Luso la Piaf linagona pa kusadzikongoletsa: ankaima pamalo amodzi m'kuwala kwa nyali imodzi, wopanda ovina kumbuyo kwake, ndipo nkhani yonse inkanyamulidwa ndi mawu ake amphamvu, nkhope yake ndi manja ake. Pa nthawi imene asilikali a Germany ankalamulira Paris iye anapitiriza kuyimba, napitanso kukayimbira akaidi a nkhondo a ku France m'misasa ya ku Germany, zomwe zinachititsa kuti nkhondo itatha afunsidwe ngati ankagwirizana ndi adani, koma anapezeka wosalakwa mlembi wake, amene anali wa Résistance, atamuchitira umboni. Mu 1945 analemba yekha mawu a La Vie en rose, nyimbo imene inamutchukitsa kunja kwa dziko lake, ndipo mu 1947 anayamba maulendo a ku New York, kumene pambuyo pake anakayimba mu Carnegie Hall.

Chikondi chachikulu cha moyo wake chinali Marcel Cerdan, katswiri wa nkhonya wobadwira ku Algeria amene anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1948 atagonjetsa Tony Zale. Pa 28 Okutobala 1949 ndege imene Cerdan anakwera popita ku New York kukakumana naye inagwa pa zilumba za Azores, ndipo onse amene anali m'ndegemo anafa. Nyimbo ya Hymne à l'amour, imene Piaf analemba pamodzi ndi Monnot poganizira Cerdan asanamwalire, inasanduka maliro a chikondi chawo. Kuchokera apo moyo wake unalowa pansi chifukwa cha ngozi za galimoto, matenda a nyamakazi, mowa ndi mankhwala opha ululu a morphine amene thupi lake linawazolowera, koma mawu ake sanafooke. Kumapeto kwa 1960, pamene holo ya Olympia inali pafupi kutsekedwa chifukwa cha ngongole, mkulu wake Bruno Coquatrix anapempha Piaf kuti amuthandize, ndipo iye, ngakhale ankavutika kuima kumene, anayimbamo kwa miyezi itatu n'kuipulumutsa, akutsogoza nyimbo yatsopano ya Charles Dumont ndi Michel Vaucaire yotchedwa Non, je ne regrette rien. Anamwalira pa 10 Okutobala 1963 pafupi ndi Grasse ali ndi zaka 47, ndipo ngakhale akuluakulu a Tchalitchi cha Katolika anakana kumuchitira misa ya maliro chifukwa cha mbiri ya maukwati ake, anthu zikwizikwi anaperekeza thupi lake kumanda a Père Lachaise.

Piaf anasiyanso cholowa china, chomwe ndi anthu amene anawalera pa luso. Mu 1944 anatenga mnyamata Yves Montand, amene dzina lake lenileni linali Ivo Livi ndipo makolo ake anathawa ulamuliro wa Mussolini ku Italy n'kukakhala ku Marseille, namuthandiza kupeza nyimbo zomuyenera. Georges Moustaki, wobadwira ku Alexandria m'dziko la Egypt, anamulembera mawu a Milord mu 1959 asanatchuke payekha, ndipo amene anakhala naye nthawi yaitali kuposa onse anali Charles Aznavour.

Oyimba olemba okha

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mtima wa chanson unasamukira kutsidya la kumwera kwa mtsinje wa Seine, m'dera la Saint-Germain-des-Prés, kumene ophunzira, olemba mabuku ndi oyimba ankasonkhana m'zipinda zapansi pa nyumba. Juliette Gréco, amene anatsekeredwa m'ndende ya Fresnes ali ndi zaka 16 pamene mayi ake ndi mkulu wake anatumizidwa kumsasa wa Ravensbrück, anayamba kuyimba ndakatulo za olemba otchuka, kuphatikizapo mawu amene Jean-Paul Sartre anamupatsa. M'nyengo imeneyi n'momwe munakhazikika munthu wotchedwa auteur-compositeur-interprète, kutanthauza amene amalemba mawu, kupeka nyimbo ndi kuiyimba yekha, njira imene Charles Trenet, mwini nyimbo ya La Mer, anali atailambula kale nkhondo isanayambe.

Georges Brassens, amene anabadwira m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Sète mu 1921 kwa bambo womanga nyumba ndi mayi wa makolo a ku Italy, anatengedwa mu 1943 kukagwira ntchito yokakamizidwa ku Basdorf pafupi ndi Berlin. Atapatsidwa tchuthi mu 1944 sanabwererenso, koma anabisala kwa Jeanne Planche ndi mwamuna wake Marcel, m'kanyumba ka mu Impasse Florimont komwe kanalibe madzi a m'mipope kapena magetsi, ndipo anapitiriza kukhala m'kanyumbako mpaka 1966 ngakhale anali atatchuka ndi kulemera. Anayamba kuyimba pagulu mu 1952 atalimbikitsidwa ndi woyimba Patachou, ndipo zoyimbira zake zinali gitala ndi besi yaikulu yoimika basi. Nyimbo zake zinkalemekeza ubwenzi ndi kuchereza alendo kwa anthu osauka, kwinaku zikudzudzula apolisi, oweruza ndi onse odziyesa olungama, moti Le Gorille, yomwe imatsutsa chilango cha imfa, inaletsedwa pa wailesi ya boma. Bungwe la Académie française, lomwe ndi mlonda wa chilankhulo cha Chifalansa, linamupatsa mphoto yaikulu ya ndakatulo mu 1967, ndipo iye anamwalira pa 29 Okutobala 1981, patangotha milungu itatu dziko lake litathetsa chilango chimene ankachitsutsacho.

Jacques Brel sanali mmphawi kapena nzika ya France, chifukwa anabadwira ku Brussels m'dziko la Belgium mu 1929, m'banja lokhala ndi fakitale ya makatoni, koma anasiya ntchito yotsimikizika ya pafakitalepo mu 1953 n'kupita ku Paris, kumene anatha zaka zingapo akuyimbira anthu amene ankaseka katchulidwe kake ka mawu ndi maonekedwe ake. Amene anamukhulupirira anali Jacques Canetti, mwini holo yaing'ono ya Les Trois Baudets, yemwenso anali wobwera wobadwira ku Bulgaria. Pamene Brassens ankayimba modekha phazi lili pampando, Brel ankayimba ndi thupi lonse, thukuta lili kamukamu, akusanduka munthu aliyense amene nyimbo ikumunena, kaya ndi mwamuna wopempha mkazi kuti asamusiye mu Ne me quitte pas ya mu 1959, kaya ndi amalinyero oledzera mu Amsterdam ya mu 1964. Kutchuka kwake kuli pachimake, anatsanzikana ndi omvera ku Olympia mu 1966 n'kusiya maulendo okayimba nyimbo zake mu 1967, chifukwa ankaopa kuti chizolowezi chidzalowa m'malo mwa choonadi. Zaka zake zomaliza anakhala pachilumba cha Hiva Oa m'nyanja ya Pacific, kumene ankanyamula makalata ndi odwala pa kandege kake, ndipo atamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1978 ali ndi zaka 49 anaikidwa komweko, pafupi ndi manda a wojambula zithunzi Paul Gauguin.

Barbara, amene dzina lake lobadwa nalo linali Monique Serf, anali mwana wa banja la Chiyuda limene linatha zaka za nkhondo likusamukasamuka pobisalira a Nazi. Mu 1964 anaitanidwa kukayimba mumzinda wa Göttingen ku Germany, ulendo umene anauvomera monyinyirika, koma kulandiridwa kwake ndi ophunzira a kumeneko kunamukhudza mpaka analemba nyimbo yotchedwa dzina la mzindawo, yonena kuti ana a kumeneko ndi ofanana ndi ana a ku Paris. Nyimboyi inathandiza kufewetsa mitima pakati pa mitundu iwiri imene inamenyana katatu m'zaka zosakwana zana, ndipo mu 2003 mtsogoleri wa Germany, Gerhard Schröder, anaitchula pa mwambo wokumbukira pangano la ubwenzi wa mayiko awiriwa.

Kupirira kwa Aznavour

Shahnour Aznavourian anabadwira ku Paris pa 22 Meyi 1924, makolo ake a mtundu wa ku Armenia ali paulendo wofuna kupita ku America umene sunatheke. Mayi ake anali wopulumuka pa kuphedwa kwa anthu a mtundu wawo mu ufumu wa Ottoman kumene kunayamba mu 1915, ndipo pa nthawi ya ulamuliro wa Nazi banjali linabisa Ayuda ndi anthu a Résistance m'nyumba yawo yaing'ono, ntchito imene iye ndi mlongo wake Aïda analandirira ulemu ku Israel mu 2017. Anayamba kuonekera pansanja ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Piaf atamumva mu 1946 anamutenga n'kukhala naye pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu monga dalaivala, mlembi ndi wolemba nyimbo.

Olemba nyuzipepala a nthawiyo anamuweruza kuti sangapite patali, ponena kuti anali wamfupi, wosaoneka bwino ndiponso wa mawu osasa, moti kwa zaka zambiri nyimbo zake zinkatchuka m'kamwa mwa ena pamene mwini wake ankakuwizidwa. Zinthu zinatembenuka mu Disembala 1960 mu holo ya Alhambra, pamene anayimba Je m'voyais déjà, nkhani ya woyimba wolephera amene akulotabe za ulemerero, ndipo m'chaka chomwecho anasewera mu kanema wa François Truffaut wotchedwa Tirez sur le pianiste. Mphamvu yake inali kulimba mtima polemba za zinthu zimene ena ankazizemba, monga kutopetsana kwa mwamuna ndi mkazi m'banja, kukalamba, ndi kusungulumwa kwa anthu osalidwa, ndipo nyimbo iliyonse ankaimanga ngati sewero lalifupi lokhala ndi chiyambi ndi mathero. La Bohème ya mu 1965, yonena za wojambula zithunzi wokumbukira umphawi wosangalatsa wa unyamata wake ku Montmartre, inakhala chizindikiro chake, ndipo She inafika pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain mu 1974.

Chivomerezi chitagwedeza Armenia pa 7 Disembala 1988 n'kupha anthu pafupifupi 25,000, Aznavour anasonkhanitsa oyimba ambiri kuti ajambule Pour toi Arménie, nakhazikitsa bungwe lothandiza ovutikawo, ndipo mu 2009 dziko la makolo akelo linamusankha kukhala kazembe wake ku Switzerland. Analemba nyimbo zoposa 1,000, nayimba m'zinenero zingapo, ndipo anali akadali pantchito pamene anamwalira pa 1 Okutobala 2018 ali ndi zaka 94, patangopita masiku ochepa atabwerako kokayimba ku Japan. Dziko limene kale linkaseka mawu ake linamuchitira mwambo wa boma ku Les Invalides, kumene atsogoleri a France ndi Armenia anaima limodzi.

Mphepo ya ku America ndi nyengo ya yé-yé

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 achinyamata anayamba kukhala ndi mawailesi ang'onoang'ono a mabatire ndi ndalama zogulira zimbale, ndipo pulogalamu ya Salut les copains, imene inayamba pa wailesi ya Europe 1 mu 1959, inawabweretsera nyimbo za rock and roll. Pa 22 Juni 1963 achinyamata pafupifupi 150,000 anasonkhana pabwalo la Place de la Nation kudzamvera oyimba awo, ndipo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Edgar Morin, polemba mu nyuzipepala ya Le Monde, anatcha m'badwo umenewu yé-yé potsanzira kamfuu kamene kankamveka m'nyimbo za Chingerezi. Mfumu yawo inali Johnny Hallyday, amene anabadwa mu 1943 ndi dzina lakuti Jean-Philippe Smet, nasiyidwa ndi bambo ake a ku Belgium akadali khanda, naleredwa ndi azakhali ake pakati pa anthu ovina oyendayenda, ndipo dzina lake lapansanja analitenga kwa mwamuna wa ku America amene anakwatira msuweni wake. Anagulitsa zimbale zoposa 100 miliyoni, pafupifupi zonse m'mayiko olankhula Chifalansa, ndipo atamwalira mu Disembala 2017 khamu losawerengeka linadzaza msewu wa Champs-Élysées.

M'badwo umenewunso unali wodzaza ndi obwera. Sylvie Vartan anabadwira ku Bulgaria, Dalida anabadwira ku Cairo m'banja la ku Italy ndipo anapambana mpikisano wa chiphadzuwa cha Egypt mu 1954 asanatchuke ndi Bambino mu 1956, pamene Claude François anabadwira ku Ismailia, kumene bambo ake ankagwira ntchito pa ngalande ya Suez mpaka banjali linachoka pa mkangano wa mu 1956. Nyimbo yake ya mu 1967, Comme d'habitude, imene anapeka ndi Jacques Revaux, ndiyo imene Paul Anka anaiveka mawu atsopano a Chingerezi n'kukhala My Way ya Frank Sinatra.

Amene analumikiza luso lakale la mawu ndi zoyimbira zatsopano anali Serge Gainsbourg, mwana wa Ayuda othawa ku Russia, amene dzina lake linali Lucien Ginsburg ndipo ali mnyamata anakakamizidwa kuvala nyenyezi yachikasu imene a Nazi ankazindikirira Ayuda. Iye analembera France Gall nyimbo imene inapambana mpikisano wa Eurovision mu 1965, ndipo mu 1979 anapita ku Kingston m'dziko la Jamaica kukajambula nyimbo ya fuko la France, La Marseillaise, m'mayimbidwe a reggae pamodzi ndi Sly Dunbar, Robbie Shakespeare ndi gulu la I Threes limene linkayimba ndi Bob Marley. Asilikali opuma ndi olemba ena anakwiya kwambiri, ena mpaka kumunyoza potchula Chiyuda chake, ndipo mkanganowo unavumbula funso limene lakhala likutsatira chanson nthawi zonse, lakuti ndani ali ndi ufulu woyimba m'dzina la France. Yankho lake linali kugula pamsika wa zinthu zakale, mu 1981, pepala la nyimboyo lolembedwa ndi dzanja la mwini wake Rouget de Lisle.

Mawu atsopano ochokera ku Africa

Ubale wa Paris ndi oyimba a ku Africa ndi wakale, pakuti mu 1970 Tabu Ley Rochereau wa ku Congo, mmodzi mwa akatswiri a rumba, anayimba ku Olympia, koma kusintha kwakukulu kunadza pamene ana a obwera ochokera m'mayiko amene kale ankalamulidwa ndi France ndi Belgium anayamba kuyimba m'Chifalansa za moyo wa m'midadada ya nyumba za kunja kwa mizinda, madera otchedwa banlieue. Lamulo la mu 1994, limene linayamba kugwira ntchito mu 1996, linalamula mawailesi kuti nyimbo 40 pa 100 zilizonse zikhale za m'Chifalansa, ndipo ngakhale cholinga chake chinali kuteteza chilankhulo ku nyimbo za Chingerezi, ena mwa amene anapindula nalo kwambiri anali oyimba rap a m'maderawa. MC Solaar, wobadwira ku Dakar kwa makolo a ku Chad, anayamikiridwa chifukwa cha kusewera ndi mawu kofanana ndi kwa Gainsbourg, pamene Stromae wa ku Brussels, amene bambo ake anaphedwa pa chipolowe chopulula mtundu ku Rwanda mu 1994, amayerekezedwa ndi Brel chifukwa choyimba nkhani zowawa ndi thupi lonse, monga anachitira mu Papaoutai ya mu 2013, yonena za mwana wofunafuna bambo ake.

Funso lakale lija linabukanso mu 2024, pamene mphekesera zinamveka zakuti Aya Nakamura, wobadwira ku Bamako m'dziko la Mali mu 1995 n'kukulira ku Aulnay-sous-Bois, adzayimba pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Paris. Magulu atsankho anatsutsa ponena kuti Chifalansa chake, chimene chimasakaniza mawu a m'misewu ndi a zinenero zina, si Chifalansa chenicheni, mlandu umene kale unkanenedwanso pa chilankhulo cha m'misewu cha m'badwo wa Bruant. Pa 26 Julaye 2024 iye anaonekera pamlatho wa Pont des Arts, kutsogolo kwa nyumba imene Académie française imakumaniramo, nayimba nyimbo zake pamodzi ndi For me formidable ya Aznavour, akuperekezedwa ndi bandi ya asilikali a Garde républicaine, ndipo mwambowo unatsekedwa ndi Céline Dion wa ku Canada, amene anayimba Hymne à l'amour ali pansanja ya Eiffel. Usiku umene dziko la France linafuna kudzionetsa kwa anthu a padziko lonse, linasankha mkazi wobadwira ku Mali kuti ayimbe mawu a mwana wa othawa kwawo a ku Armenia, ndi mkazi wa kutsidya kwa nyanja kuti ayimbe mawu a mtsikana amene ankatolera makobidi m'chipewa m'misewu ya Belleville.